Buku mwalemba: mulisindikize nokha kapena mulipereke ku kampani?

Mwezi sutha osalandira uthenga wakuti, "Akulu, buku lija ndamaliza, ndipite nalo kuti?" Ena amandigwira potuluka m'tchalitchi, ena pamaliro, wina anandiimitsa ndili pamzera ku banki. Ndayankha mpaka pakamwa pauma, ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomulozera pano. Ine ndinadutsa njira zonse ziwiri, ndipo zonse zinandidyera ndalama kapena nthawi mwanjira yakeyake. Tsatirani ndondomekoyi monga ndayiikira, musalumphe kupita kwa amakina.

1. Siyanitsani anthu atatu amene tonse timawatchula kuti "osindikiza"

Chisokonezo chimayambira m'chinenero chathu chomwe. Mawu amodzi akuti "wosindikiza" timawagwiritsa ntchito pa anthu atatu osiyana kwambiri.

Woyamba ndi wamakina, amene ambiri amati printa. Mumamupatsa fayilo, amakuuzani mtengo, mumalipira, amakupatsani makatoni a mabuku. Sawerenga zimene mwalemba. Mukalemba "mbuzi" pamene mumafuna kulemba "mbusa", iye adzasindikiza mbuziyo maulendo 500 mosangalala.

Wachiwiri ndi kampani yofalitsa mabuku, imene m'tauni amati pabulisha. Iyi imasankha zolemba zimene yazikonda, imalipira mkonzi, wojambula chikuto ndi wamakina ndi ndalama zake, imagulitsa bukulo, kenako imakupatsani kagawo pa buku lililonse logulidwa. Kagawoka ndi kamene amati royalty. Apa ndalama zimachoka ku kampani kubwera kwa inu.

Wachitatu amavala malaya a wachiwiri koma amagwira ntchito ya woyamba. Amakuuzani kuti "tavomera buku lanu", kenako amakutumizirani mtengo woti mulipire. Kulipira munthu kuti akuthandizeni kukonza ndi kusindikiza si tchimo, ndipo ena amagwira ntchito yabwino ndithu. Koma dziwani kuti mukalipira zonse ndinu, ndiye kuti mukusindikiza nokha, ndipo mabuku onse, mafayilo onse ndi umwini wonse ziyenera kukhala zanu. Amene akufuna ndalama zanu komanso umwini wa buku lanu nthawi imodzi, muthaweni. Ndi chikomekome cha mkuyu chimenecho.

2. Lembani mayina a anthu amene adzagule

Tengani kope. Lembani anthu amene mukutsimikiza kuti adzatulutsa ndalama m'thumba, osati amene amalemba "tikudikira" pa Facebook. Onjezani mipingo, sukulu, mabungwe kapena misonkhano kumene mumayankhula ndipo mungaike tebulo. Nambala imene mupeze ndiyo idzakusankhireni njira.

Mbusa amene amalalikira kwa anthu 400 sabata iliyonse, mphunzitsi amene ali ndi notsi zimene ana a Fomu 4 amazilimbirana, mlakatuli amene amaitanidwa m'maukwati ndi pa wailesi, anthu otere ali ndi msika kale ndipo kusindikiza okha kungawapindulire. Wolemba nkhani yaitali yopeka amene sadziwika kupitirira mudzi wake akufunika munthu wina womunyamulira buku, ndipo munthuyo ndi kampani.

3. Perekani zolembazo kwa mkonzi musanachite china chilichonse

Njira iliyonse imene musankhe, apa simungazembe. Mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mnzanu wa kwaya si mkonzi, chifukwa amakukondani. Mukufuna munthu amene angakuuzeni kuti mutu wachitatu wonse uchotsedwe, inu n'kukwiya sabata yathunthu, kenako n'kuona kuti amanena zoona.

Ngati bukulo ndi la Chichewa, pali ntchito ina yapadera: kalembedwe. Ambiri timalemba monga timayankhulira, tsamba lina "ndikupita", lina "ndi kupita", lina "nkupita", pena "Malawi", pena "Malaŵi". Pezani munthu wodziwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, monga aphunzitsi a phunziroli ku sekondale kapena anthu amene anadutsa ku Centre for Language Studies ku Zomba, ndipo mugwirizane njira imodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Buku losakanizika kalembedwe aphunzitsi saliika m'manja mwa ana.

4. Mukasankha kampani, dziwani khomo loyenera kugogoda

Makampani athu sali ofanana. CLAIM Mabuku ku Blantyre inayambira pa mabuku achikhristu. Montfort Media ku Balaka ndi ya Akatolika. Kachere Series ku Zomba, komanso Mzuni Press ndi Luviri Press ku Mzuzu, amadziwika ndi mabuku a kafukufuku, mbiri ndi zachipembedzo, ndipo mabuku awo amafika kunja kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford ku Britain. Dzuka ambiri tinaidziwira pa mabuku a kusukulu. Musanatumize kanthu, lowani m'sitolo ya mabuku, muone mabuku ofanana ndi lanu, mutembenuze chikuto muone amene anawatulutsa. Kutumiza ndakatulo zachikondi kwa ofalitsa mabuku a kafukufuku n'kutaya nthawi yanu ndi yawo.

Muzindikirenso kuti chakudya cha makampani ambiri kuno ndi mabuku a sukulu, makamaka amene avomerezedwa kudzera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, bungwe lokonza silabasi ya sukulu, chifukwa amenewo amagulidwa ambirimbiri chaka ndi chaka. Buku la nkhani limene silili pa silabasi limayenda pang'onopang'ono. Akakukanani, nthawi zambiri sikuti buku lanu ndi loipa, koma awerengera ndipo aona kuti ndalama zawo sizibwerera msanga.

Funsani kaye mmene amalandirira zolemba. Kawirikawiri amafuna kalata yaifupi yonena kuti ndinu ndani, chidule cha buku cha tsamba limodzi, ndi mitu iwiri kapena itatu yoyambirira. Sungani kope lanu, ndipo musapereke kope lokhalo limene muli nalo. Mukatumiza, dekhani. Miyezi imatha, ndipo ngakhale atavomera, chaka chikhoza kudutsa buku lisanatuluke.

5. Werengani kontirakiti ngati mukugula malo

Anthu amasainira chifukwa cha chimwemwe, n'kudzalira patapita zaka zisanu. Mfundo zoti muziyang'ane ndi maso awiri ndi izi.

Royalty ndi maperesenti angati, ndipo akuwerengera pa chiyani? Ambiri amazungulira pa 10 peresenti, koma 10 peresenti ya mtengo wolembedwa pachikuto ndi yosiyana ndi 10 peresenti ya ndalama zimene kampani yalandira sitolo itachotsa gawo lake. Buku la K12,000, njira yoyamba ikupatsani K1,200. Ngati sitolo yadya 30 peresenti, njira yachiwiri ikupatsani K840. Mawu awiri okha m'kontirakiti, koma ndalama zasiyana.

Adzakupatsani liti lipoti la mabuku amene asindikizidwa ndi amene agulidwa? Likhale lolembedwa, kamodzi kapena kawiri pachaka. Mukuwapatsa ufulu wa zaka zingati, m'mayiko ati, m'zinenero ziti? Ngati sachita za mabuku a pa foni, za wailesi kapena zomasulira, palibe chifukwa chowapatsa ufulu umenewo. Ndipo funso limene ambiri amaiwala: mabuku akatha m'masitolo, iwo osasindikizanso, umwini ubwerera kwa inu patapita nthawi yotani? Popanda mfundo imeneyi buku lanu likhoza kufera m'kabati ya kampani, inu osaloledwa kulitulutsa kwina.

Musasainire tsiku lomwelo. Tengani pepalalo, muonetse loya kapena wolemba wina amene anadutsamo. A Malawi Writers Union ali ndi anthu amene anaona makontirakiti ambiri.

6. Mukasankha kusindikiza nokha, ntchito zonse za kampani zagwera inu

Pezani ISBN, nambala ya manambala 13 imene imakhala kuseri kwa buku pamwamba pa timizere takuda. Ku Malawi imaperekedwa ndi National Archives, ofesi ya boma yosunga zolembedwa za dziko, ku Zomba. Buku lapepala ndi la pa kompyuta, lililonse limafuna nambala yake. Tengani nambalayo m'dzina lanu, chifukwa mukabwereka ya munthu wina, m'kaundula iyeyo ndiye amaoneka ngati wofalitsa.

Lembani ntchito munthu wodziwa kuyala masamba. Word ndi yolembera, si yoyalira buku. Saizi imene ambiri amasankha ndi A5, chifukwa siwononga pepala. M'kati pepala la 80gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) limakwana, chikuto chikhale cholimba, cha 250 kapena 300gsm, chokutidwa ndi kapulasitiki kuti chisanyowe ndi thukuta la m'manja. Zithunzi zikhale za 300dpi (dpi ndi muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi papepala). Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimaoneka bwino pa foni, koma papepala chimatuluka ngati chajambulidwa m'chifunga. Wamakina mupatseni PDF, ndipo ngati mumagwiritsa ntchito chilembo cha ŵ, yang'anani tsamba ndi tsamba, chifukwa mitundu ina ya zilembo ilibe chilembochi ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi.

Funsani mitengo kwa amakina atatu, ndipo aliyense akuuzeni mtengo wa mabuku 100, 300 ndi 1,000. Makina a digital ndi abwino pa mabuku ochepa. Makina akuluakulu a offset amatsitsa mtengo wa buku limodzi mukachulukitsa, ndipo apa ndi pamene pali msampha: mudzaona kuti pa 1,000 buku limodzi likutchipa kwambiri, n'kuiwala kuti m'kope lanu lija munalemba mayina 150 okha. Funsaninso kuti mtengowo ukhala masiku angati. Pepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo amene anali ndi mitengo m'manja mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, anapeza kuti mitengo imene anauzidwa ija yasanduka nthano.

Musalole kuti asindikize onse musanaone buku limodzi lachitsanzo. Ligwireni, litambasuleni mwamphamvu pakati muone ngati guluu akugwira, muwerenge lonse ndi pensulo m'manja. Ndipo musamalize kulipira musanawerenge mabuku m'makatoni.

7. Masamu ndi kugulitsa: apa ndi pamene ambiri amagwera

Malangizo ambiri amathera pa tsiku limene makatoni afika kunyumba, ngati kuti nkhani yatha. Tsikulo ndi pamene ntchito imayamba. Ine makatoni anga oyamba anakhala kunsi kwa bedi mpaka chinyezi cha dzinja chinalowa m'katoni yapansi, ndipo mabuku okwana ndithu ndinawataya.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza, inu mudzaikemo anu. Tinene kuti mkonzi, woyala masamba, wachikuto ndi ISBN zadya K500,000, ndipo mabuku 300 mwasindikiza pa K4,000 limodzi, kutanthauza K1,200,000. Zonse pamodzi K1,700,000. Mwaika mtengo wa K12,000. Ambiri apa amachulukitsa 300 ndi 12,000, amapeza K3,600,000, n'kuyamba kulota za malata.

Chotsani kaye mabuku amene sadzabweretsa ndalama: a ku National Archives (lamulo limatero, onani nambala 9), a atolankhani, a mlendo wolemekezeka, a amene analemba mawu otsogolera, a apongozi, a amalume amene sangamvetse kuti mwana wa mlongo wawo akuwagulitsa buku. Tinene 30. Atsala 270. Mukagulitsa nokha pamanja, mukufunika kugulitsa mabuku 142 kuti ndalama zanu zingobwerera. Mukadutsa m'sitolo imene ikudya 30 peresenti, inu mukulandira K8,400 pa buku, ndipo mukufunika kugulitsa 203. Apa sitinawerengere minibasi, mayunitsi, holo ya mwambo wokhazikitsa buku ndi zakumwa za alendo. Phindu lilipo, ndipo pa buku limodzi ndi lalikulu kuposa K1,200 ya kampani ija, koma lili m'mabuku omalizira, amene ndi ovuta kwambiri kugulitsa chifukwa abale ndi anzanu onse agula kale.

Tsopano za masitolo. Ambiri sagula mabuku anu. Amawalandira, amawaika pashelefu, ndipo amakulipirani akagulidwa. Kwa iwo palibe chotaya, kwa inu ndalama zagona. Sitolo ina inasunga mabuku anga 20 kwa chaka ndi miyezi, ndikapita amati "abwana atuluka", ndipo pomaliza anandibwezera asanu ndi awiri ofumbira, ndalama za ena aja n'kundipatsa pang'onopang'ono ngati ndikupempha. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinasiya mabuku popanda pepala. Chitani izi: siyani mabuku ochepa, asanu kapena khumi. Lembani pepala la makope awiri lonena chiwerengero, mtengo, gawo la sitolo, tsiku lowerengera ndi amene adzalipire buku likaonongeka kapena kusowa. Wolandira asainire ndi kudinda chidindo. Musawonjezere mabuku ena asanalipire oyamba.

Ngongole ya anzanu ndi yoopsa kuposa ya sitolo, chifukwa simungaitsate popanda kudana. "Ndipatse, ndikuponyera pa mwezi ukatha" yadya mabuku ambiri kuposa chiswe. Masiku ano palibe chifukwa: Airtel Money ndi Mpamba zili m'thumba la aliyense. Ndalama ilowe, buku lituluke. Mukachita manyazi, uzani mwana wanu kapena mnzanu wouma mtima kuti ndiye azisunga katoni ndi kope la malonda, inu muzingoti "funsani asungichuma".

Mwambo wokhazikitsa buku ungakubwezereni gawo lalikulu la ndalama tsiku limodzi, chifukwa kuno tili ndi chizolowezi chogulitsa makope oyamba mopikisana, mlendo wolemekezeka n'kuyamba ndi mtengo wokwera. Koma samalani ziwiri. Holo yodula ndi chakudya zikhoza kumeza zonse zimene mwapeza, pamene holo ya tchalitchi kapena ya sukulu ikanakwana. Ndipo malonjezo a pa maikolofoni si ndalama. Munthu amaimirira, amatchula nambala yaikulu, anthu amaomba m'manja, Lolemba foni yake siyankhidwa. Ikani munthu pakhomo wolemba dzina ndi nambala ya aliyense wolonjeza, ndipo muwatsate sabata yomweyo manyazi asanawathere.

Njira imene ndimalimbikitsa kwambiri ndi yogulitsa buku lisanasindikizidwe. Onetsani chikuto, lengezani tsiku, perekani mtengo wotsikirapo kwa olipiriratu. Anthu 80 akalipira, muli ndi ndalama zoyambira komanso mwadziwa kukula kwa msika wanu weniweni. Akalipira asanu ndi mmodzi, mwapulumuka ku ngongole ya miliyoni. Koma mukalandira ndalama za anthu, tsiku limene mwalonjeza lisaphonyeke, chifukwa dzina likada pa buku loyamba, lachiwiri simudzagulitsa.

Mukagulitsa mabuku anu nokha muzidziwa kuti mwasanduka wamalonda. Muziyenda ndi makope asanu m'chikwama kulikonse, muzipempha mphindi zitatu pamisonkhano, muzigogoda kwa aphunzitsi aakulu ndi oyang'anira malaibulale, muzitumiza timaphukusi pa basi kupita ku Mzuzu kapena ku Mangochi. Ngati mtima wanu ukukana zimenezi, palibe cholakwika, koma bwererani pa nambala 4.

8. Nanga Amazon ndi mabuku a pa foni?

Funso ili limabwera nthawi zonse, kawirikawiri ndi maso owala. Kindle Direct Publishing ya Amazon silipiritsa poika buku. Pa buku la pa foni imapereka 35 kapena 70 peresenti malinga ndi mtengo umene mwaika ndi dziko la wogula, ndipo buku lapepala amalisindikiza limodzilimodzi munthu akaitanitsa, kotero simusunga katoni. Palinso IngramSpark ndi Draft2Digital zimene zimafikitsa buku m'masitolo ena a pa intaneti.

Koma onani kaye mndandanda wa zinenero zimene amalola, chifukwa salandira chinenero chilichonse, ndipo wolemba m'Chichewa ayenera kutsimikiza zimenezi asanataye nthawi. Dziko la Malawi lilibe pangano la misonkho ndi America, choncho pa malonda a kumeneko amadula 30 peresenti ya ndalama zanu musanazione. Fufuzaninso mmene ndalamazo zidzafikire m'manja mwanu musanaike buku. Ndipo wowerenga wa ku Ntcheu sadzaitanitsa buku kuchokera kunja, mtengo wotumizira wokha ukhoza kuposa wa bukulo. Amazon ndi yothandiza pofikira abale athu a ku Britain, ku America ndi kwina, makamaka ngati bukulo ndi la Chingerezi. Itengeni ngati khomo lachiwiri.

Za kugulitsa PDF pa WhatsApp, dziwani kuti mukagulitsa imodzi mwapereka kwa gulu lonse. Ena amachita dala kuti dzina lawo lidziwike, ndipo ndi nzeru ngati ndicho cholinga. Ngati mukufuna ndalama, tulutsani mutu umodzi wokha kuti anthu alawe.

9. Malizani za malamulo

Lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti buku lililonse lotuluka m'dziko muno liperekedwe ku National Archives, komanso kuti m'bukumo mulembedwe dzina ndi keyala ya wamakina ndi ya wofalitsa. Mukadutsa ku kampani amachita okha. Mukasindikiza nokha, udindowu ndi wanu, ndipo patulani makopewo tsiku lomwe makatoni afika. Kupereka lina ku National Library Service n'kwanzeru, chifukwa kumeneko ndi kumene mwana wa sukulu amene simudzakumana naye angalipeze.

Umwini wa zimene mwalemba ndi wanu kuyambira pamene mwazilemba, malinga ndi Copyright Act ya 2016. Komabe pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za alembi ndi oimba limene linakhazikitsidwa mu 1992, mukalembetse ngati wolemba. Ambiri amaganiza kuti ndi la oimba okha, koma limatoleranso ndalama kwa amene amachita fotokope mabuku n'kugawira eni ake, ndipo amene sanalembetse sangalandire. Ngati m'buku lanu mwaika chithunzi, ndakatulo kapena mawu a nyimbo ya munthu wina, pezani chilolezo cholembedwa musanapite kwa wamakina. Wojambula chikuto nayenso alembe kuti wakupatsani ufulu wogwiritsa ntchito chithunzicho pa makope onse, kuphatikizapo amene mudzasindikize mtsogolo, ndipo akupatseni mafayilo enieni, osati chithunzi cha pa foni. Mafayilowo, pamodzi ndi PDF yomaliza ya m'kati, sungani malo awiri osiyana, chifukwa tsiku limene mudzafune kusindikizanso, woyala masamba uja akhoza kukhala atasamukira ku Johannesburg ndi laputopu yake.